Chaka Chimene Ndidaleka Kuthira Mchere

Bulauzi yoyera imene ndinkavala ku misonkhano ya amayi a kumpingo ndiyo idayamba kundiuza zoona. Lachinayi lina, ndikukonzekera kukatsogolera mapemphero, batani la pachifuwa lidakana kulowa. Ndidakoka mpweya n'kulikakamiza, koma tili pakati pa nyimbo lidathothoka n'kugubuduzika mpaka pansi pa benchi. Palibe adaseka. Amayi a kwathu ndi aulemu, komanso ine ndidali mphunzitsi wamkulu wa sukulu imene ana awo ankaphunzirapo. Potuluka, mayi wina wachikulire adandipatsa pini n'kundinong'oneza kuti, "Musade nkhawa, aphunzitsi. Umenewo ndi mtendere. Bambo akukusamalani bwino."

Adanena mochokera pansi pa mtima. Kuno kumapiri a Ntchisi, kumene ndidakwatiwa kuchokera kwathu kufupi ndi Mponela, thupi la mkazi limatengedwa ngati mbiri ya mwamuna wake. Mkazi akanenepa, anthu amatama mwamunayo. Akayamba kuonda, amafunsana chimene chikumudya, ndipo mayankho amene amapatsana sakhala abwino.

Ine mtendere umenewo sindinkaumva. Ndidali ndikuyandikira zaka makumi asanu, ndipo thupi limene ndidalilamulira moyo wanga wonse lidayamba kuchita zofuna zake. Msambo wanga, umene kuyambira utsikana unkabwera pa nthawi yake ngati belu la kusukulu, udasokonekera: mwezi wina osaoneka, mwezi wina n'kubwera kawiri. Kutentha kunkandigwira mwadzidzidzi, kuyambira pachifuwa kukwera kumaso, ngakhale m'nyengo yachisanu pamene ana amalowa m'kalasi milomo itang'ambika. Ndinkaima pa bolodi, choko chili m'manja, thukuta likuyenderera m'khosi, n'kumapitiriza phunziro ngati palibe chachitika. Kadyedwe kanga sikadasinthe. Tiyi wa shuga wambiri ndi mandasi pa nthawi yopuma, chipisi cha pachiwaya ndikapita ku Mponela, nsima ya ufa woyera masana ndi madzulo, zonsezi ndidakhala ndikudya kwa zaka zambiri popanda vuto. Koma tsopano chilichonse chinkatsalira m'chiuno ndi pamimba. Mawondo ankalira ndikamadzuka pamkeka, ndipo kachitunda ka pakati pa nyumba yathu ndi sukulu kankandisiya ndili wefuwefu.

Tsiku limene ndidachita chizungulire ana onse ali pamzere m'mawa, n'kugwirira mtengo wa mbendera kuti ndisagwe, ndidapita kuchipatala ku boma. Namwino amene adandiyeza adali wa msinkhu wanga, mayi wosazungulira polankhula.

"Magazi anu akuthamanga kwambiri, mayi, ndipo sikelo nayo sikukondwera nanu," adatero. "Inu ndi ine tafika pamsinkhu wovuta. Kale thupi linkawotcha zimene tinkalipatsa. Tsopano lasanduka nkhokwe, likungosunga."

"Ndiye ndichite chiyani?"

"Mankhwala ndikupatsani, koma mankhwala sakwera phiri m'malo mwa munthu. Muziyenda mpaka mutuluke thukuta lolikhetsera nokha, osati lobwera lokhali. Nsima muchepetse, ndipo ikhale ya mgaiwa. Masamba muchulutse. Shuga ndi mafuta muzingolawa. Mchere ndiye muusiye ndithu."

"Nanga bambo kunyumba? Iwo sadwala."

"Muziphika opanda mchere, n'kuwaikira pakambale. Ali ndi manja, azithira okha."

Ine ndine munthu wa malamulo. Kumvera kumene ndimafuna kwa ana a sukulu ndimakupereka nanenso kwa woyenera kundilamula. Madzulo omwewo ndidawafotokozera amuna anga za magazi, za sikelo ndi za mchere. Iwo ndi mlimi wa fodya ndiponso mkulu wa mpingo, munthu wosachulutsa mawu. Adamvetsera, n'kuseka pang'ono.

"Ndiye kuti tagonekedwa m'chipatala tonse awiri, amayi?"

"Inu mchere wanu uzikhala apo. Palibe akukuletsani."

"Chabwino. Bola musatithere, tingasowe wotikalipira."

Ndikulemba mawu amenewa kuti zidziwike kuti ndidawauza, ndipo adamva.

Pali chinthu chimodzi chimene sichidandifikire m'maganizo tsiku limenelo. Nditangolowa m'banja, apongozi anga aakazi, amene tsopano adatisiya, adandikhazika pansi n'kundilangiza za mchere. Mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo. Mkazi amene wagona ndi mwamuna wina sathiranso, chifukwa akatero amadula mwamuna wake: munthu amayamba kutsokomola, chifuwa kuwawa, miyendo kutupa, ndipo akapanda kuthandizidwa amapita. Umenewo ndiwo mdulo. Ine ndidali nditangochoka ku koleji, ndipo ndinkadziwa kuti mchere ndi mchere basi, authire ndani kapena ndani. Koma sindidaone chifukwa choyambanirana ndi apongozi pa kanthu kotere. Masiku anga akafika, ndinkaitana mwana kuti athire. Ana atakula n'kupita kutauni, ndinkangoika kambale ka mchere pafupi ndi mbale ya bambo. Motero kwa zaka zonse za banja lathu kambale kaja kadali uthenga umene tinkapatsana osatsegula pakamwa, masiku ochepa pamwezi. Tsopano ndidayamba kukaika patebulo tsiku lililonse, ndipo sindidaganize kuti kakupitiriza kulankhula.

Kuyenda ndidayamba mvula isanagwe. Ndinkadzuka kukungocha, n'kuvala nsapato za chinsalu, kumanga chitenje molimba, n'kutsata kanjira kodutsa m'madimba kukwera phiri la misuku limene lili kuseri kwa mudzi. Kuchokera pamwamba ndinkatsikira kumsewu wa ku Malomo n'kubwerera kunyumba kukasamba. Sabata zoyamba ndinkaima kangapo, mtima ukugunda m'makutu. Koma phiri silidandivute kuposa mafunso a anthu.

"Kwagwanji, aphunzitsi?"

"Kulibe chagwa. Ndikungoyenda."

"Kupita kuti?"

"Kungoyenda basi."

Kuno munthu sangoyenda. Amapita kumunda, kuchigayo, kumaliro kapena kuchipatala, ndipo chimene wanyamula chimanena kumene akulowera. Mkazi wopanda khasu, wopanda ndowa, wopanda mtolo pamutu, amene akutuluka m'tchire m'mamawa nkhope ili thukuta lokhalokha, anthu sangamusiye osamupezera chifukwa. A kabaza ankandiimira pamsewu. "Kwerani, mayi, lero ndi ulere! Ahedi athunthu kuyenda wapansi?" Ndinkathokoza n'kupitirira.

Njala nayo idandisautsa. Mtanda umodzi wa mgaiwa umaoneka wamasiye m'mbale. Nkhwani wopanda mchere, ngakhale wotendera bwino, poyamba ankakoma ngati udzu wa padambo. Tiyi wopanda shuga ndinkamwa ngati mankhwala, aphunzitsi anzanga akudya mandasi pamaso panga. Pamaliro ndi paukwati pankavuta koposa, poti kukana chakudya cha mnzako ndi kumunyoza. Ndinkatenga pang'ono, n'kumva kumbuyo kwanga wina akuti, "Zathuzi sizowayenera." Ndipo kwa miyezi yoyamba sikelo sidasunthe n'komwe. Tsiku lina ndikuchokera ku boma kokayezedwa, matope ali mpaka m'akakolo chifukwa minibasi idatitimira panjira, ndidakwiya kwambiri moti ndidagula mandasi n'kudya chiimire kuseri kwa golosale, ine amene ndimalanga ana odya akuyenda. M'mawa mwake ndidakweranso phiri.

Mvula ikutha, zinthu zidayamba kusintha. Masiketi adayamba kuzungulira m'chiuno, ndipo ndidawapereka kwa telala kuti awachepetse. Mawondo adaleka kulira. Ndidayamba kufika pamwamba osaima, n'kumaona nkhungu itagona m'madambo, madenga a zigafa za fodya akutulukira m'menemo limodzilimodzi. Sindine munthu wotengeka ndi zooneka, koma ndili pamenepo ndinkamva kuti thupi langa labwerera m'manja mwanga, ndipo ndinkathokoza Mulungu.

Kutentha kokha ndiko sikudachoke. Kunkandidzutsa kangapo kusanache, zofunda zitanyowa, ndipo bambo, amene ntchito ya fodya inkawafuna m'mamawa, ankasowa tulo chifukwa cha kutembenuka kwanga. Choncho ndidasamukira kuchipinda chimene ana adasiya, kumene ndinkatha kutsegula zenera. Ndidangowauza kuti ndikuwasokoneza tulo. Zambiri sindidafotokoze. Amayi anga sadandilere kuti ndizikamba za msambo ndi mwamuna, ngakhale mwamuna wanga, ndipo mpaka lero sindiona kuti adalakwa.

Amuna anga ali ndi mlongo wawo wamkulu, mayi wamasiye amene amakhala kutsidya kwa dimba lathu. Ndiwo adathandiza kulera amuna angawo bambo owabereka atamwalira, ndipo amawakonda ndi chikondi chansanje. Ine ndi alamu angawa sitidayambanepo poyera, koma akafuna kundibaya amanditcha "aphunzitsi" m'malo mwa "alamu". M'nyengo yosankha fodya ankabwera kudzathandiza kuchigafa, ndipo Loweruka lina adadya nafe masana. Adasunsa mbamu m'nyemba, n'kutafuna pang'onopang'ono.

"Kodi mchere watha m'magolosale a ku Malomo?"

"Uli apo pakambale, alamu. Thirani mmene mukufunira."

Adayang'ana kambale, adayang'ana mlongo wawo, kenako adandiyang'ana ine kuyambira kumutu mpaka m'chiuno.

"Zayamba liti zimenezi?"

"Mvula isanagwe. Kuchipatala adandiletsa."

"Mvula isanagwe," adabwereza. "Koma mwezi wanuwu ndi wautali, aphunzitsi."

Bambo adangoweramira mbale yawo. Ine ndidayesa chipongwe wamba, chimodzi mwa zambiri.

Chaka chilichonse fumbi la fodya limawatsokomoletsa bambo, ndipo chaka chilichonse chifuwacho chimatha mabelo akapita kumsika. Koma chaka chimenecho chisanu chidabwera msanga, chifuwa chidakhazikika, ndipo mapazi awo adatupa pang'ono, poti ankakhala pansi tsiku lonse akusankha masamba. Ndidawauza kuti apite kuchipatala. Adati apita fodya akatha. Kenako adayamba kubwera kunyumba atadya kale. "Ndadyera kwa achemwali," ankatero, osandiyang'ana. Ndiwo zanga zinkagona m'poto. Kumpingo, amayi ankasiya nkhani ndikamayandikira. M'mawa wina ndikutsika phiri ndidapeza alamu anga akutola nkhuni pansi pa misuku, kutali ndi kumene amatola masiku onse, maso awo ali pa kanjira kamene ndidatulukira, ngati akudikira kuti mutulukenso munthu wina.

Ndidafunsa kamodzi kokha. "Bambo, chakudya changa chalakwa chiyani?"

"Palibe, amayi."

"Nanga bwanji simukudya?"

"Achemwali amadandaula akaphika n'kusowa wodya nawo." Adatsokomola, n'kutuluka panja.

Loweruka lotsatira ndidamva njinga yamoto ikuima pabwalo. Adali achimwene anga a ku Mponela, amene ndiwo ankhoswe a banja lathu ku mbali yanga. Ine sindidawaitane.

"Kwagwanji, achimwene?"

"Ndimayesa mundiuza ndinu, mlongo wanga. Ine ndangolandira uthenga kuti ndibwere."

Posakhalitsa adafika amalume a amuna anga, ankhoswe a mbali yawo, nkhalamba yoyenda ndi ndodo, alamu anga ali pambuyo. Tidakhala pabalaza, amuna pamipando, akazi pamkeka. M'nyumba imene ndidasesa ndekha m'mawa umenewo ndidakhala ngati mwana wogwidwa akuba nzimbe. Alamu anga ndiwo adayala nkhani, ndipo adaiyala mwadongosolo ndithu.

"Ine sindidapite kusukulu, koma maso ndili nawo. Munthu waleka kuthira mchere kuyambira mvula isanagwe, mpaka lero chimanga chili m'nkhokwe. Ndi mkazi uti amakhala kumwezi nthawi yonseyi? Mbandakucha uliwonse ali m'tchire, wopanda khasu, wopanda nkhwangwa. Zovala wachepetsa ngati mtsikana. Kuchipinda kwa mwamuna wathawako. Ndiye tamverani mlongo wangayu mmene akutsokomolera, taonani mapazi akewo. Mchere adauleka, inde, koma adauleka mochedwa, atadula kale munthu. Ine ndidaika amayi m'manda, ndidaika amuna anga. Wanditsalira ndi yekhayu. Ndikhale chete?"

Apa ndidaona kuti sankanamizira. Ankaopadi kuti mlongo wawo afa. Kudziwa zimenezi sikudachepetse ululu wa zimene adanena.

Ndidayankha mofatsa, monga ndimayankhira makolo okwiya kuofesi. Ndidafotokoza za kuthamanga kwa magazi, za malangizo a namwino, za phiri. Ndidati amene akukayika apite nane ku boma akadzifunsire yekha.

"Kuchipatala amayeza magazi," adatero alamu anga. "Makhalidwe sayeza."

"Za mchere tamva, za kuyenda tamva," adatero amalume. "Nanga za kuchipinda, mayi? Mudachokeranji?"

Yankho ndidali nalo, lalifupi ndiponso loona. Koma achimwene anga adali pomwepo, mlongo wanga wa bere limodzi, ndipo pambali pawo padali nkhalamba ya kuchimuna. Kutsegula pakamwa n'kunena za msambo wanga, za thukuta, za thupi limene likutseka ubereki, pamaso pa amuna amenewa, kukadakhala kudzivula chitenje pabwalo. Ndidayang'ana amuna anga. Iwo zofunda zonyowa zija adaziona ndi maso awo, ndipo akadatha kundimasula ndi mawu ochepa. Adali kuyang'ana zala za mapazi awo otupawo. Ndidakhala chete, ndikudziwa kuti kukhala chete kwangako akukutenga ngati umboni wonditsutsa.

Achimwene adayesa kunditeteza. "Mlongo wangayu ndamudziwa kuyambira ali kumsana. Wouma mutu, inde. Wokalipa, inde, ifenso timamuthawa. Koma zimenezi ayi."

"Ifenso sitikufuna kuti zikhale zoona," adatero amalume. "Njira yachidule ilipo. Aphike lero lomwe, athire mchere ndi dzanja lawo tonse tikuona, mwamuna wawo adye. Ngati ali oyera, chifuwachi chitha chokha. Chikakula, tidzakhalanso pansi."

Ndidatembenukira kwa munthu amene ndidabereka naye ana.

"Bambo, inunso mukufuna zimenezi?"

Maso ali pansi, adati, "Zingothetsa nkhani, amayi."

Pa zonse zimene zidanenedwa tsiku limenelo, mawu amenewa ndiwo adandilasa. Alamu anga ankandiganizira zoipa chifukwa cha mantha, ndipo sadagonepo nane nyumba imodzi. Koma amuna anga adadya za m'manja mwanga kuyambira tili achinyamata. Ngati iwo ankafuna umboni, ndiye kuti zaka zonsezo sizidawauze kanthu za ine.

Achimwene adandiphera nkhuku, poti alendo adayenera kudya ndithu. Itapsa, ndidanyamula poto mpaka pakhomo la pabalaza, ndidatapa mchere ndi dzanja lamanja, ndidaukweza kuti aliyense auone, n'kuuthira. Ndidagwada n'kuwasambitsa m'manja onse monga mwa mwambo. Amuna anga adasamba nthawi yaitali. Adatema mbamu, adaiumba, adaisunsa mumsuzi, ndipo dzanja lidaima panjira, pakati pa mbale ndi pakamwa. Kadali kanthawi kochepa kwambiri, moti ndikukhulupirira kuti ena sadaone. Ine ndidaona. Kenako adadya.

Ponyamuka, achimwene adandikokera pambali pafupi ndi njinga.

"Longedzani tizipita kwathu. Nyumba ya amayi ikadalipo. Munthu wa msinkhu wanu kuyesedwa chonchi?"

"Ndikachoka lero, achimwene, mawa adzati ndathawa mlandu."

"Nanga chifuwacho chikakula?"

"Mudzabwera kudzanditenga."

Adapukusa mutu, n'kuliza njinga.

Masiku otsatirawo ndi amene sindifuna kuwakumbukira. Dzina langa, limene ndidalisunga kuyambira utsikana, tsopano lidali m'chifuwa cha munthu wina. Chisanu chikadakula, fumbi likadawalowa kwambiri, ine ndikadakhala wachigololo pamaso pa mudzi, pa mpingo ndi pa makolo a ana amene ndimawaphunzitsa. Ine mphunzitsi wa sayansi ndinkatchera khutu ku chifuwa chimenecho ngati mlimi womvetsera mabingu, kuyerekeza kutsokomola kwa lero ndi kwa dzulo. Ndili m'kalasi maganizo adali kuchigafa. Ndidawawiritsira madzi a mandimu, ndidawakakamiza kuvala juzi, ndipo Lolemba ndidaimitsa njinga yamoto pakhomo n'kuwauza kuti akwere apite kuchipatala, fodya adikire. Sadatsutse. Adabwerako ndi mankhwala ndiponso malangizo oti azimanga kansalu kumphuno posankha fodya. Sindinkadziwa ngati ndikuwasamala chifukwa chowakonda kapena chifukwa chodziteteza, ndipo kusadziwa kumeneko kunkandinyansa.

Sabata yomweyo amayi abusa adandipeza kusukulu. Adazungulira ndi nkhani za mayeso a ana, kenako adati, "Mwatopa ndi ntchito, mayi. Bwanji mupumeko kaye kutsogolera mapemphero, mpaka bambo atapeza bwino?" Ndidawayang'ana mpaka adayang'ana kumbali. "Ndamva," ndidatero. Lachinayi ndidapita ndithu, n'kukhala pabenchi ya kumbuyo. Phiri nalo sindidaleke kukwera, poti kuleka kukadakhala kuvomera.

Mabelo atapita kumsika, chifuwa chidatha, mapazi adaphwa. Amalume adatumiza mawu akuti nkhani yatha, banja lipitirire. Alamu anga adabwera ndi lichero la mtedza n'kuliika pakhonde. "Alamu, munthu ukaopa umalankhula zambiri," adatero. Ndidalandira mtedzawo ndi manja awiri n'kuthokoza. Kumpingo amayi adayambanso kundipatsa moni wautali, ndipo ndidabwezeredwa kutsogolo. Aliyense adakhutira kuti mchere wandiyeretsa. Palibe adaima n'kuganiza kuti chimene chidandipulumutsa ndi kutha kwa fumbi la fodya, ndiponso kuti chisanu chokha chikadatha kundipachika.

Kuyambira pamenepo ndimaphika mosiyana. Ndiwo zikapsa ndimapatula zanga m'kapoto, kenako ndimathira mchere m'zotsalazo ndi dzanja langa. Magazi adatsika, ndipo kuchipatala amandiyamikira. Msambo udalekeratu chaka chotsatira. Kutentha kudazirala pang'onopang'ono, ndipo ndidabwerera kuchipinda chathu chifukwa ndiko malo anga. Amuna anga sadapepese. Inenso sindidawapemphe kuti apepese, poti kupepesa kochita kupempha sikupoletsa bala.

M'mawa wina, ndikumanga zingwe za nsapato pakhonde, ndidamva chitseko chikutseguka kumbuyo kwanga. Adatuluka atavala jekete ndi nsapato zawo za kumunda.

"Mukupita kudimba?" ndidafunsa.

"Ayi. Ndimati ndikuperekezeni."

"Njira ndimaidziwa, bambo."

"Ndikudziwa. Koma nanenso mimbayi yayamba kunditsogolera."

Tidanyamuka. Pachitunda choyamba adayamba kupuma movutikira, ndipo ndidachepetsa liwiro osawauza. Amayi opita kumjigo adatula ndowa n'kuomba m'manja. "Koma abambo awa! Chikondi chake ngati akwatirana dzulo!" Pofika Lamulungu nkhani idali itafika kumpingo, ndipo mkulu wina adatitchula ngati chitsanzo cha banja lachikhristu.

Mpaka lero amayenda nane. Amatsalira pambuyo pang'ono, poti ine ndidazolowera phiri kuposa iwo, ndipo ndimamva mapazi awo m'masamba ouma. Masiku ena ndimakhulupirira kuti uku ndiko kupepesa kwa munthu amene mawu amamuvuta. Masiku ena ndimaganiza kuti akufuna kudzionera okha kuti kumeneko kulibe wondidikira, kapena kuti anthu aone kuti mkazi wawo sayenda yekha. Funso lake ndi lalifupi, ndipo kangapo lafika pamilomo tili pamwamba, iwo atagwira m'mawondo akupuma. Sindidalifunsebe, chifukwa ndi munthu wosadziwa kunama, ndipo angandiyankhe zoona. Ndimadikira kuti mpweya wawo ubwerere, kenako timatsika.